Makalata a omvera: goloboyi wa ku Brazil amene adamwetsa zigoli 131

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu ku pulogalamu ya makalata anu. Sabata yatha, pokamba za magoloboyi, tidangotchula modutsa dzina la Rogério Ceni wa ku Brazil, ndipo makalata ambiri amene afika akufunsa za iyeyu. Ndasankhapo anayi.

Yoyamba yachokera ku Mchinji, kwa mnyamata wa kabaza. Akuti:

"Achimwene, mudanena kuti kuli goloboyi amene adamwetsa zigoli zoposa 100. Pa siteji pathu takangana mpaka mawu kusasa. Anzanga akuti lilime lidakuterezani, mumafuna kunena kuti adagwira mapenate 100. Tiuzeni zoona. Goloboyi angachinye bwanji chonsecho malo ake ndi pagolo?"

Zikomo achimwene. Mukawauze anzanuwo kuti lilime silidanditereze, ndidanena zomwezo. Monga imawerengera kalabu yake ya São Paulo, Ceni adamwetsa zigoli 131, pafupifupi zonse pa mafirikiki ndi mapenate, ndipo palibe goloboyi wina amene adafikapo pamenepo. Koma ndikufuna mumve kumene zidachokera, chifukwa anthu amathamangira nambalayo n'kusiya munthu.

Ceni adabadwa pa 22 January 1973 ku Pato Branco, m'chigawo cha Paraná, koma mpira adayambira ku Sinop, tauni ya m'chigawo cha Mato Grosso, kutali kwambiri ndi mizinda ikuluikulu. Mu 1990, ali ndi zaka 17, adatenga chikho cha chigawocho ndi timu ya Sinop, ndipo chaka chomwecho adapita ku São Paulo. Kumeneko adapeza pagolo pali mwini wake, Zetti, ndipo timuyo idali pamoto. Pansi pa mphunzitsi Telê Santana idatenga Copa Libertadores, chikho chachikulu cha makalabu ku South America, mu 1992 ndi 1993, idagonjetsa Barcelona ku Tokyo mu 1992, kenako AC Milan mu 1993. Timu yotere sisintha goloboyi. Mnyamata uja adadikira mpaka Zetti atapita ku Santos kumapeto kwa 1996. Taganizani, zaka zonsezo kuvala magolovesi tsiku ndi tsiku pokonzekera, Lamlungu n'kukakhala pabenchi. Ambiri akadanyamula chikwama kalekale.

Nthawi imeneyo sadangoitaya. Anzake akatuluka m'bwalo, iye ankatsala ndi thumba la mipira, n'kumawomba mafirikiki mobwerezabwereza mpaka phazi litazolowera kuukweza mpira pamwamba pa mpanda wa osewera n'kuutsitsa pakona. Mphunzitsi Muricy Ramalho adaona kuti m'timu yonse palibe wowomba bwino kuposa goloboyi wake, ndipo adalimba mtima n'kumupatsa udindowo. Pa 15 February 1997, polimbana ndi União São João, Ceni adachoka pagolo pake, adadutsa bwalo lonse, n'kumwetsa chigoli chake choyamba pa firikiki.

Masewero amene ine ndimawakumbukira ndi a mu August 2006, pamene São Paulo idakakumana ndi Cruzeiro kwawo ku Belo Horizonte. São Paulo idali kumbuyo 2-0, ndipo Cruzeiro idapezanso penate yoti imalize nkhani. Ceni adaigwira. Kenako adapita kutsogolo n'kumwetsa zigoli ziwiri yekha, masewero n'kutha 2-2. Tsiku lomwelo adapitirira José Luis Chilavert wa ku Paraguay, amene adali goloboyi wa zigoli zambiri padziko lonse. Chigoli cha nambala 100 chidabwera pa 27 March 2011, pa firikikinso, ndipo chidagwera Corinthians, mdani wamkulu wa São Paulo mumzinda womwewo. Chaka cha 2005 chokha adamwetsa 21, kuposa osewera kutsogolo onse a timu yake.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Ndirande, amene akuti amachemerera Liverpool kuyambira ali mwana. Yabwera ndi ukali pang'ono:

"Inu mukumukweza munthuyu mopitirira. Akadakhala katswiri weniweni bwenzi atasewera ku Ulaya. Ntchito ya goloboyi ndi kugwira, zomwetsa ndi masewera chabe. Alisson wathu ndi wa ku Brazil yemweyo, ndipo nayenso adamwetsapo. Nanga bwanji Ceni sankasewera m'timu ya dziko lake?"

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo pa mfundo imodzi ndikugwirizana nanu: goloboyi timamuyeza ndi manja ake poyamba. Ndiye tiyeni timuyeze ndi manja, pogwiritsa ntchito timu yanu yomweyo. Pa 18 December 2005, ku Yokohama m'dziko la Japan, Liverpool idakumana ndi São Paulo mu fainolo ya chikho cha makalabu a dziko lonse. Iyi ndi Liverpool ya Rafael Benítez, imene miyezi ingapo m'mbuyomo idachokera kumbuyo 3-0 n'kulanda chikho kwa AC Milan ku Istanbul, ndipo idafika ku fainoloyo itasewera masewero 11 otsatizana osachinyidwa. Mineiro wa São Paulo adamwetsa m'chigawo choyamba, ndipo kuchokera pamenepo mpira udakhala mbali imodzi. Makona ankangotsatizana. Zigoli zitatu za Liverpool oyimbira adazikana. Steven Gerrard adawomba firikiki yolunjika pakona yapamwamba, mpira woti ochemerera adali atadzuka kale m'mipando, koma Ceni adauluka n'kuukankhira kunja. Zidatha 1-0, ndipo mphotho ya wosewera wopambana mu mpikisanowo idapita kwa goloboyiyo. Usiku umenewo sadamwetse. Adapambana ndi ntchito yomwe mukunenayo.

Za Ulaya, ine sindiona ngati ndi sikelo yokhayo. Munthuyu adasewera masewero 1,237 m'kalabu imodzi, kupitirira 1,116 amene Pelé adasewera ku Santos. Adanyamula Libertadores mu 2005 ali kaputeni, ligi ya Brazil katatu kotsatizana mu 2006, 2007 ndi 2008, komanso Copa Sudamericana, chikho china cha makalabu ku South America, mu 2012. Mu 2009 adathyoka pa kakolo pokonzekera masewero ali ndi zaka 36, msinkhu umene ambiri amangoti basi zakwana, koma adabwereranso n'kusewera mpaka December 2015, ali ndi zaka 42. Timu yaikulu ngati São Paulo, ya ochemerera osachedwa kupsa mtima, singasunge goloboyi wobowoka zaka zonsezo chifukwa choti amadziwa mafirikiki.

Ku timu ya dziko, zoona, sadakhazikike. Adabadwa nthawi imodzi ndi Dida ndi Marcos, ndipo Taffarel adali asanachoke. Mu 2002 adali m'gulu limene lidatenga chikho cha dziko lonse ku Japan ndi South Korea, koma pagolo padali Marcos, amene adagwira bwino mpaka fainolo. Mu 2006 ku Germany adangolowa mphindi zochepa m'malo mwa Dida pamene Brazil idagonjetsa Japan 4-1. Sindinganene kuti adamupondereza, awiriwo adali oyenera. Ndipo za Alisson sinditsutsa: chigoli chake cha mutu cha mu May 2021 ku West Bromwich Albion, m'mphindi zowonjezera, chidathandiza Liverpool kulowa mu Champions League, ndipo pogwira mpira ndi mmodzi mwa abwino kwambiri amene Brazil idatulutsapo. Kungoti chija chidali chozizwitsa cha tsiku limodzi, pomwe kwa Ceni kumwetsa idali mbali ya ntchito yake ya sabata ndi sabata.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera ku Chipata m'dziko la Zambia:

"Musaiwale kuti nafenso tili naye wathu, Kennedy Mweene. Kodi zigoli zake sizikuwerengedwa?"

Sitingamuiwale, achimwene. Mu fainolo ya Africa Cup of Nations ya 2012 ku Libreville, Zambia itafika pa mapenate ndi Ivory Coast, Mweene adachoka pagolo n'kukaponya yake modekha, Chipolopolo n'kupambana 8-7. Mu 2013 ku South Africa adamwetsanso penate kumapeto kwa masewero ndi Nigeria, n'kuthera 1-1. Kusiyana kwake ndi uku: ya mu 2013 imawerengedwa ngati chigoli chake chifukwa idalowa masewero ali mkati, pomwe mapenate opezera wopambana masewero atatha salowa m'kaundula wa wosewera. Zigoli 131 za Ceni zija mulibemo za mtundu umenewo.

Yomaliza yachokera kwa aphunzitsi aakazi a pa sukulu ina ya pulayimale ku Dedza, amene amayang'aniranso timu ya anyamata:

"Goloboyi wanga ali ndi phazi lamphamvu kuposa onse, ndipo atamva pulogalamu yanu akundivutitsa kuti aziwomba mafirikiki. Ine ndikuopa kuti golo litsala pululu. Ndimulole?"

Mayi, mantha anuwo ndi oona, ndipo Ceni yemwe zidamuonekerapo. Mu 2002 adamwetsa firikiki polimbana ndi Fluminense, ndipo akadali kusangalala, Roger wa Fluminense adawomba mpira kuchokera pakati pa bwalo poyambiranso masewero, n'kulowa m'golo lopanda munthu. Ndiye sizoti mwana angothamangira kutsogolo poti wamva pa wailesi.

Ku São Paulo zinkatheka chifukwa timu yonse inkadziwa chochita. Goloboyi akapita kukawomba, otchinga kumbuyo ankatsalira kuti atseke njira, ndipo iye mwini ankadziwa kuti mpira wake uyenera kulowa kapena kutuluka kunja, usagunde mpanda n'kubwerera m'miyendo ya adani. Akangowomba, ulendo wa kugolo, osayang'ana m'mbuyo. Ankasankhanso mipira ya pafupi ndi bokosi, imene adaiyeserera kambirimbiri.

Langizo langa ndi ili. Muyambe ndi mapenate, chifukwa pamenepo ngozi ndi yochepa. Mafirikiki aziyeserera anzake akaweruka, inu mutaima pambali n'kumawerenga: pa mipira khumi, ingati yadutsa mpanda n'kulunjika golo? Akamaposa anzake onse sabata ndi sabata, mpatseni mpata pa masewero apaubale, mutaika ana awiri othamanga pakati pa bwalo. Koma mumuuze mosabisa kuti tsiku limene adzayambe kunyozera kugwira mipira ya m'mwamba ndi kutuluka pa makona, mafirikikiwo mudzamulanda. Phazi lakelo lili ndi ntchito inanso yoposa kumwetsa, yoyambitsa mpira bwino kuchokera kumbuyo, imene makochi a masiku ano amaifuna mwa goloboyi aliyense. Onani mmene Ederson ankaperekera mipira ku Manchester City.

Ena mwafunsa kumene Ceni adalowera atasiya kusewera. Adakhala mphunzitsi. Adayambira ku São Paulo komweko mu 2017 koma sizidamuyendere, adachotsedwa patangopita miyezi yochepa. Adapita ku Fortaleza n'kuikweza kulowa mu ligi yaikulu mu 2018, adatenga ligi ya Brazil ya 2020 ndi Flamengo, ndipo mu 2023 adayamba kuphunzitsa Bahia.

Nthawi yatithera. Aphunzitsi a ku Dedza, mudzatilemberenso teremu ikamatha mutiuze mmene mwanayo akuchitira. Makalata ofunsa za Dida ndi Júlio César ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa. Tsalani bwino.