Ndani Amalamula Kuti Zitseko za Damu Zitsegulidwe?

Moni nonse amene mukuonera. Chimene mukuona apachi ndi chipupa cha damu la Kariba, chotalika mamita 128, chomwe chinatchinga mtsinje wa Zambezi m'malire a Zambia ndi Zimbabwe ndipo chinamalizidwa mu 1959. Chakumwamba kwa chipupacho kuli zitseko zisanu ndi chimodzi zotulutsira madzi. Kodi amene amalamula kuti zitsekozi zitsegulidwe ndani, nanga amayendera chiyani?

Damu lalikulu limasenza ntchito ziwiri zosayenderana. Opanga magetsi amafuna kuti likhale lodzaza, chifukwa madzi osungidwawo ndiwo amazunguza makina m'miyezi yopanda mvula. Anthu okhala kumunsi kwa mtsinje amatetezeka pamene damulo lili ndi malo otsala, kuti mvula ikachuluka kumtunda, madzi apeze pofikira m'malo motsika onse nthawi imodzi n'kukokolola minda ndi nyumba. Boma limaima pakati pa zofuna ziwirizi, ndipo liyenera kugamula mvula isanaonetse mmene igwere.

Tayang'anani manambala awiri awa: 475.5 ndi 488.5. Amenewa ndi mamita oyezedwa kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo nyanja ya Kariba inakonzedwa kuti izipanga magetsi madzi ake akakhala pakati pa milingo iwiriyi. Nyanja yonse ija, madzi ogwira ntchito ndi a mamita 13 apamwamba okha. N'chifukwa chake munthu angathe kuima m'mphepete n'kuona madzi mpaka kumene maso akulekezera, maboti akuyenda bwinobwino, pamene makina opangira magetsi atsala pang'ono kuzimitsidwa.

Amene amayang'anira mamita 13 amenewa ndi kulamula kuti zitseko zitsegulidwe ndi bungwe la Zambezi River Authority, lomwe maboma a Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987. Bungweli limayeza madzi odutsa m'malo a kumtunda kwa damuli monga Chavuma ndi Victoria Falls, limaunika zolosera za nyengo, kenako limagawa madzi a chaka chonse mofanana pakati pa makampani awiri opanga magetsi, ZESCO ya ku Zambia ndi Zimbabwe Power Company. Mu November 2022 linalamula mbali ya Zimbabwe kuti iimitse kupanga magetsi chifukwa inali itamaliza gawo lake. Linali lamulo lowawa kwa mabanja ndi mafakitale, koma ine ndimaona kuti bungwe lotere likamalephera kukaniza boma limene linalikhazikitsa, madzi a chaka chamawa amathera m'chaka chino.

Nkhani sithera pa Kariba. Madzi otuluka pamenepo amakumana ndi a mitsinje ya Kafue ndi Luangwa, kenako amalowa m'damu la Cahora Bassa ku Mozambique. Oyendetsa damu limeneli akapanda kudziwiratu kuti anzawo akumtunda atsegula zitseko, amakakamizika kutulutsa madzi ambiri mwadzidzidzi, ndipo ovutika amakhala alimi ndi asodzi a kumunsi. Pofuna kuti mayiko azigawana uthenga wotere ndi kukambirana asanamange madamu atsopano, mu 2004 kunasainidwa pangano lokhazikitsa bungwe la Zambezi Watercourse Commission (ZAMCOM), lomwe limabweretsa pamodzi mayiko asanu ndi atatu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe.

Ngakhale chipupa chenichenicho chimakhudzidwa ndi chigamulo chotsegula zitseko. Madzi ogwa kuchokera pamwamba anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 patsinde pa chipupa cha Kariba, moti kuyambira mu 2017 mainjiniya anayamba ntchito yokulitsa dzenjelo kuti mphamvu ya madzi isamadye mwala umene chipupacho chinakhazikikapo.

Tisaiwalenso kuti pansi pa nyanja imeneyi pali midzi, minda ndi manda a Atonga pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa pamene damuli linkamangidwa, ambiri mwa iwo asakufuna. Iwowa sanafunsidwe mokwanira. Lero mayeso a boma lililonse ali pa munthu wofanana nawo, amene walima pachilumba chapakati pa mtsinje: uthenga woti zitseko zitsegulidwa uyenera kuchoka kwa injiniya, kudutsa kwa akuluakulu a boma ndi pa wailesi, n'kumufika iyeyo adakali ndi masiku okwanira kukolola ndi kuwolotsa ana ndi ziweto zake.