Mawu a m'mawa: Dzuka udye, ulendowu ndi wautali

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Dedza kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka nkomwe, koma moyo tili nawo.

Tiwerenge 1 Mafumu 19:4-8. Eliya wathawa Yezebeli, wagona pansi pa kamtengo nkumati Ambuye zakwana, nditengeni basi. Mngelo sanamukalipire ayi, anangomukhudza nkuti dzuka udye. Kawiri konse, ndipo kachiwiriko anawonjezera kuti ulendowu wakukulira. Mkate ndi madzi omwewo anayenda nazo masiku 40 mpaka ku Horebu.

Ine kuthamanga ndinayamba ndi timipikisano ta 5km, tija timapitako mongocheza kuti tilandireko malaya. Kumeneko ndimkapita m'mimba mulibe kanthu nkumaliza bhobho. Kenako 10, kenako 21, matama anayamba. Nde tsiku loyesa 42 ndinanyamuka ndi tiyi yekha, kufika cha pa 30 miyendo inangokhala ngati yobwereka, chizungulire, ndinakhala pansi m'mbali mwa M1 anyamata a kabaza nkumandifunsa kuti bwana tikunyamuleni? Manyazi ake! Mayi ena a tomato anandiyang'ana kaye, nkutsegula kapoto komwe anabweretsera mwana wawo, kachewere awiri owiritsa ndi kamchere. "Idyani achimwene, mwafooka ndi njala inu." Ndinadzuka, ndinakafika.

Panopa ndikukonzekera mpikisano wothamanga wa Comrades, ija ya ku South Africa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg yomwe inayamba 1921, pafupifupi 90km ndipo amakupatsa maola 12 basi. Tingoti kuchoka pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi miyendo. Ndinaseka nditamva kuti m'njiramo othamanga amapatsidwa kachewere wamchere, yemweyu timamudutsa m'zidebe pa Lizulu. Odziwa amati mtunda wautali umadya usanamve njala, ukadikira kuti ikupweteke ndekuti wachedwa kale.

Alipo wina pa gulupu pano akudwazika mayi ake chaka chachitatu chino, wina akusaka ntchito kuchokera pomwe anamaliza sukulu, koma akuyendabe ndi ka ulaliki ka Lamulungu kokha ngati ali pa 5km. M'bale wanga simunachimwe, mwangofooka. Tsegulani Baibulo lija musanatuluke, ndipo phalalo mumwenso, Eliya anapatsidwa mkate weniweni.

Ambuye, amene wagona pansi pa kamtengo m'mawa uno mukhudzeni. Amen.

Kachewere wanga wapsa, lero ndili ndi 35km.