Old Sarum: phiri limene asilikali ndi ansembe analephera kukhalirana

Zikomo apampando. Amayi, abambo ndi achinyamata nonse, nkhani yathu ndi ya Old Sarum, phiri lomwe lili pafupifupi makilomita 3 kumpoto kwa mzinda wa Salisbury ku England. Ndikati phiri musaganize za Mulanje ayi, ndi chitunda chabe. Koma munthu akaima pamwamba pake amaona chigwa chonse cha mtsinje wa Avon ndi mzinda uli m'munsimo.

Linga loyamba linamangidwa cha m'ma 400 Yesu asanabadwe. Ankakumba ngalande yakuya kuzungulira phiri lonse, dothi lake n'kumaliunjika cha m'kati mpaka lipange mtumbira wautali. Mdani ankayenera kutsikira kaye m'ngalandemo, kenako n'kukwera mtumbirawo miyala ikumugwera kuchokera pamwamba. Malo otchingidwawo ndi pafupifupi mahekitala 12, okwana anthu ndi ziweto zawo zomwe. Aroma anapatcha Sorviodunum. Mu 552 Cynric, mtsogoleri wa Asaxon, mtundu wa anthu obwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, anagonjetsa eni dziko pamalowa. Mu 1003 Sweyn wa ku Denmark atawotcha tauni ya Wilton, osula ndalama a kumeneko anasamukira paphiripo pofuna chitetezo.

Amene anasintha kwambiri maonekedwe a phirili ndi William, mfumu yochokera ku Normandy yomwe inalanda England mu 1066. Cha m'ma 1070 anthu ake anakumba ngalande ina pakati penipeni, n'kukweza chulu chachikulu chomangapo nyumba ya mfumu ndi asilikali. Choncho panakhala linga m'kati mwa linga, lolowera pa mlatho umodzi. Pa 1 Ogasiti 1086 William anaitanitsa eni malo akuluakulu a m'dziko lonse kuti adzalumbire pamenepa kuti adzamvera iye kuposa bwana wina aliyense.

Tsopano mpingo unalowa bwanji? Mu 1075 anagamula kuti maepiskopi achoke m'timidzi akakhale m'matauni, ndiye episkopi Herman anasamutsa likulu la dayosizi kuchoka ku Sherborne kubwera paphiripa. Tchalitchi chachikulu anachimanga m'bwalo lakunja, kumpoto chakumadzulo, m'munsi mwa chulu cha asilikali chija. Episkopi Osmund anachidalitsa pa 5 Epulo 1092, koma patangopita masiku asanu mphepo yamkuntho inachiwononga kwambiri. Wolowa m'malo mwake, Roger, anachikuza. Bambo ameneyu anali episkopi komanso nduna yaikulu ya mfumu Henry Woyamba, ndipo linga nalonso linali m'manja mwake, kotero pa nthawi yake panalibe mkangano. Mavuto anakula mfumu Stephen itam'manga Roger mu 1139 n'kulanda lingalo. Kuyambira pamenepo makiyi a zipata anali kwa asilikali, ansembe n'kumakhala ngati alendo pakhomo pawo pomwe. Kumbukiraninso kuti pamalowa ankasungirapo akaidi akuluakulu. Mfumu Henry Wachiwiri inatsekerapo mkazi wake, Eleanor wa ku Aquitaine, chifukwa chogwirizana ndi ana ake poukira bambo awo. Malo otere alonda salola aliyense kungolowa chisawawa.

Madandaulo amene ansembe anatumiza kwa Papa ndi ofunika kuwamvetsa bwino, chifukwa onse akuchokera pa zomwe zinachititsa phirili kukhala labwino pankhondo. Mphepo inkawomba mwakuti oimba sankamvana m'tchalitchi, ndipo denga linkasasuka kawirikawiri. Nthaka yake ndi ya choko, yoyera mbee, popanda mitengo, ndiye ankati kunyezimira kwake kukuwapweteka maso. Vuto lalikulu koposa linali madzi. Choko simasunga madzi pamwamba. Mvula ikagwa imalowa pansi msangamsanga, mwakuti chitsime chiyenera kukumbidwa mozama kwambiri kuti chiwapeze, ndipo ansembe ankachita kugula madzi otungidwa kutali pamtengo wokwera. Anadandaulanso kuti mkulu wa asilikali ankabweza akhristu pachipata ngakhale pa masiku aakulu ngati Lachitatu la Phulusa ndi Lachinayi Loyera, ponena kuti khamu lingabweretse chiwopsezo palinga. Kunena zoona, mkulu wa asilikaliyo sankalakwa pa ntchito yake. Cholakwika chinali kumanga nyumba yoitanira anthu onse m'kati mwa mpanda wopangidwira kuwatsekera kunja.

Papa Honorius Wachitatu anavomera mu 1218 kuti asamuke, ndipo episkopi Richard Poore anaika miyala ya maziko a tchalitchi chatsopano kuchigwa pa 28 Epulo 1220. Pali nthano yoti anaponya muvi kuchokera paphiri kuti ukasankhe malowo, koma palibe uta ungaponye makilomita 3. Malowo anali a episkopi kale, ndipo anali pafupi ndi mitsinje. Kumeneko vuto linatembenuka, madzi anachita kuchuluka. Maziko a tchalitchicho ndi akuya pafupifupi mita imodzi yokha, atakhala pa timiyala tonyowa, ndipo mpaka lero pansi pake pali kabowo kamene amapisamo ndodo kuti aone pamene madzi afika. Chinadalitsidwa mu 1258. Nsanja yake yosongoka, yomwe anawonjezera pambuyo pake, ndi yaitali mamita 123, ndipo ku Britain kulibe ya tchalitchi ina yoiposa. Mu 1226 anasamutsiramo manda a Osmund ndi Roger. Abale a Angilikani muli pano, izi zikukukhudzani: dongosolo la mapemphero lotchedwa Sarum linafala m'madera ambiri a England, ndipo Thomas Cranmer, arkiepiskopi wa ku Canterbury, anatengamo zambiri polemba buku la mapemphero la 1549.

Ansembe atatsika, amalonda nawo anatsatira, phiri n'kukhala bwinja. Tchalitchi chakale anachigumula, miyala yake n'kukamangira mpanda wa chatsopano, ndipo mu 1514 Henry Wachisanu ndi Chitatu analola kuti miyala ya linga itengedwe. Chodabwitsa n'chakuti bwinja lopanda anthuli linapitiriza kutumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo mpaka 1832. Mwini malo ndiye ankasankha amene wafuna, ndipo William Pitt wamkulu, yemwe anadzakhala nduna yaikulu, analowera pamenepa mu 1735.

M'chilimwe chouma cha 1834 udzu unauma motsata maziko a tchalitchi chakale, chifukwa pamwamba pa mwala dothi limakhala lochepa ndipo limauma msanga. Akatswiri anafukula malowa kuyambira 1909 mpaka 1915, ndipo lero amawasamalira ndi a English Heritage, bungwe losamalira malo a mbiri yakale. Mukadzafikako mudzaona zipupa zokhakhala, zamiyala yolimba yotchedwa flint yomatidwa ndi laimu. Musaganize kuti ankamanga mosasamala. Chipupa chinkakhala ndi miyala yosema bwino mbali zonse ziwiri, pakati n'kuthiramo flint ndi laimu. Ogumula anatenga yosemayo chifukwa ndiyo inali ndi mtengo, zapakatizo n'kuzisiya.