Za thanki ya kwa amayi: kadzenje kaja musakachotse

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu wa dzulo ndaumva kawiri konse, ndiye ndati ndisalembe, ndingolankhula, chifukwa nkhani ya thankiyi ikufunika kuifotokoza bwinobwino. Utalikirapo, mundipirire. Mukapeza mpata muwatsegulirenso amayi ndi alamu amve, ngakhalenso mmisiri uja ngati angalole.

Mwati mmisiriyo akunena kuti kadzenje kotsalira matope kamene ndinajambula pambali pa thanki ya madzi a mvula n'kungowononga simenti, paipi ingochoka kudenga n'kulowa m'thanki basi. Ayi achimwene, pamenepo ndakana. Simenti imene akufuna kupulumutsayo ndiwonjezera ndine. Koma ndikuuzeni kumene ndinazitenga, musaganize kuti ndangozitola pa foni.

Paja kuno ku Napoli, m'dziko la Italy, ndimagwira ntchito ndi anthu okonza nyumba zakale. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, malo akale a boma amalowetsa anthu ulere, ndiye mwezi watha ndinakwera sitima kupita ku Pompeii. Umenewu ndi mzinda wa Aroma, omwe aja timawamva m'Baibulo, ndipo unakwiririka ndi phulusa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79. Phulusalo ndi limene linasunga nyumba, misewu, ngakhale mauvuni ophikira buledi mpaka lero. Anzanga anatanganidwa ndi kujambula zithunzi za m'makoma, ine maso anga anali pansi, chifukwa thanki ya amayi inali kale m'mutu.

Mukalowa m'nyumba zikuluzikulu za kumeneko, pakati pa chipinda cholandirira alendo denga analisiya loboola mwadala, ndipo mbali zonse zinayi za denga zinapendekera mkati kuti mvula izitsikira pabowopo. Pansi pake pali kadziwe kosaya, madzi ake sangafike n'komwe m'mawondo. Amakatcha impluvium. Madzi amayamba agwera m'menemo, adikhe kaye, fumbi ndi masamba zitsale, kenako n'kutsikira m'chitsime chomangidwa kunsi kwa nyumba. M'nyumba zambiri kadziweko kali ndi potulukira pawiri, pena popita kuchitsime, pena potulukira kumsewu. Madzi akuda ankawatayira kunja, oyera okha ndiwo ankasunga. Pakamwa pa chitsime china ndinawerama n'kuona mwala utadyeka mizeremizere chifukwa cha chingwe chotungira, ngati mmene chinadyekera chipika chija cha pachitsime chathu chakudimba. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuganiza za msana wa amayi ndi zaka zonse zimene akhala akusenza ndowa.

Sabata yotsatira abwana anga atamva kuti ndikumangitsa thanki kumudzi, ananditengera ku Bacoli, kufupi konkuno, kukaona chimene amachitcha Piscina Mirabilis. Achimwene, ndi thanki, koma mukatsikiramo mumakhala ngati mwalowa m'tchalitchi. M'litali mamita 70, m'lifupi 25, kuya kwake 15, ndipo denga lake lagona pa nsanamira 48. Inkasunga malita opitirira 12 miliyoni, madzi a asilikali a pa zombo za nkhondo zimene zinkakocheza ku Misenum. Inamangidwa nthawi ya mfumu Augustus, yemwe uja wa kalembera wa nthawi imene Yesu anabadwa. Tsono chimene abwanawo anandilozera ndi ichi: pakati penipeni pa thankiyo, pansi pake, anakumbapo dzenje lina lozama kupitirira mita imodzi, loti matope azisonkhanamo, kuti poyeretsa asamavutike kukokolola thanki yonse. Anthu amene anali ndi chuma chomangira chinthu chachikulu chotero sanaone kadzenje ka matope ngati kuwononga. Mmisiri wawo wina dzina lake Vitruvius anachita kulemba kuti chosungira madzi chizikhala ndi zipinda ziwiri kapena zitatu, madzi azisefeka pochoka m'china kulowa m'china. Ndiye ife ndi denga lathu la malata, limene kuyambira Meyi mpaka Novembala limangolandira fumbi, zitosi za nkhunda ndi masamba a mango, tingalowetse bwanji madzi mwachindunji?

Ndiye tichite chonchi. Kadzenjeko kakhale pakati pa paipi yochokera kudenga ndi thanki. Madzi alowe, adikhe, ndipo paipi yopita m'thanki ituluke cha kumwamba kwake, osati pansi. Kunsi kwake muikeko kapaipi kotseka ndi chitsekero, kotulutsira matope. Mvula yoyamba ndi yachiwiri ya chaka musaisunge ayi, mutsegule pamenepo madziwo apite, atsuke denga. Zikatero ndiye mutseke.

Chinanso ndi makona. Aroma ankapaka mkati mwa matanki awo laimu wosakaniza ndi zidutswa zosinja za matailosi ndi mbiya. Kuno amati cocciopesto, ndipo ifeyo pantchito timapakabe mpaka lero m'zipinda zonyowa. Amaoneka wofiirira, ndipo akauma salola madzi kudutsa. Sindikuti musiye simenti, mmisiri wathu anazolowera simenti ndipo thanki ya amayi si pophunzirira. Chimene ndikufuna atengepo n'chakuti pamene khoma likumana ndi pansi, Aroma sankasiya kona yakuthwa, ankadzazapo n'kupanga mkombero, chifukwa thanki imayambira pamenepo kuchucha. Mmisiri adzaze matope a simenti m'makona onse, adutsitsepo botolo kuti pakhale pozungulira. Akamaliza pulasitala, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, n'kuphimba ndi masaka onyowa. Dzuwa la Okutobala likaiumitsa msanga, ing'aluka musanathiremo ndi dontho lomwe.

Za ngalande ya m'mphepete mwa malata, asaipendeketse kwambiri poganiza kuti madzi athamange. Akathamanga amalumpha pakona n'kutayikira pakhonde. Ku France kuli ngalande ya Aroma imene inkapititsa madzi ku mzinda wa Nîmes, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma kuchokera kugwero mpaka kumzinda inatsika mamita osakwana 13, ndipo madzi ankafika. Kwa ife chala chimodzi pa mamita awiri alionse chakwana. Amange chingwe ndi levulo, asangoyeza ndi maso.

Tsopano masamu, kuti tisawalonjeze amayi zimene thanki singathe. Denga lija ndi mamita 10 m'litali, 6 m'lifupi. Mvula ikagwa milimita imodzi yokha, dengalo limatola malita 60. Mvula yamphamvu ya mamilimita 20 ndiye kuti malita 1,200, zigubu 60 za malita 20 zija. Ena amatayika ndithu, koma mvula zisanu zotero thanki yathu ya malita 5,000 yadzaza. Choncho pakufunika paipi ina kumwamba yotulutsa madzi osefukira, muilozetse kunthochi, isakumbe maziko a nyumba. Koma malita 5,000 ndi zigubu 250 zokha. Pa zigubu zinayi patsiku, ndi miyezi iwiri basi. Chilimwe chonse singatifikitse. Maganizo anga ndi akuti nthawi ya dzinja atunge mmene angafunire, chifukwa ikhala ikudzazanso. Mvula ikamatha cha mu Epulo, thanki ili yodzaza, muikhome loko, madziwo adikire Seputembala ndi Okutobala, pamene kumjigo mzere umayamba tambala asanalire ndipo atsikana aja amachedwa kusukulu. Ndikudziwa kuti amayi sangamumane mnansi madzi, ndipo sindikuwaletsa, koma kiyi asunge ndi alamu, awiriwo azigwirizana.

Chivundikiro chikhale cha simenti, chokwana bwino, chosalowetsa kuwala. Kuwala kukalowa mumamera ndere. Pakamwa pa paipi iliyonse, ngakhale yosefukira ija, mumangepo kaneti ka waya, apo ayi tikhala tawamangira amayi khola la udzudzu pakhomo. Kadzenje kaja nakonso kavundikiridwe. Ndipo chitseko cholowera poyeretsa chikhale chokhoma nthawi zonse, ana aja amakwera paliponse, mtima wanga sungakhale m'malo. Madzi akumwa aziwiritsabe kapena kuthira WaterGuard. Kadzenje kamachotsa matope, tizilombo sikachotsa.

Ndalama ya simenti yowonjezerayo ndi ya waya ndituma Lachisanu ndikalandira. Mmisiriyo musakangane naye, ntchito yake ya njerwa ndaiona pazithunzi ndipo ndi yabwino, mungomuuza kuti mwini ndalama wapempha choncho. Asanapake pulasitala munditumizire zithunzi zitatu: cha mkati chooneka makona, cha kadzenje, ndi cha pamene paipi yalowera. Ngati intaneti ikuvuta, mungondiflasha, ndiimba ndine madzulo ndikaweruka. Amayi muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndapeza, ndipatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa.