Mwana Wodwala Khansa Akasintha Khalidwe

Makolo, agogo, achibale ndi inu nonse amene mukudwazika ana, ndikuthokozeni kwambiri chifukwa chobwera, makamaka inu amene mwasiya mwana m'manja mwa wina kuti mudzamve nkhaniyi. Ndiyambe ndi mawu amene mayi wina anandiuza atakhala m'mphepete mwa bedi la mwana wake wa zaka zisanu. Mwanayo anali atangotaya kapu ya madzi pansi, atamenya amayi ake padzanja, kenako n'kudzifunda nsalu kumutu. Mayiyo anandiyang'ana misozi ili m'maso nati, "Uyu si mwana amene ndinabwera naye kuno." Sanali kudandaula za tsitsi limene linathothoka kapena za kuwonda kwa mwanayo. Chimene chinkamupweteka mumtima chinali chakuti mwana amene kale anali womvera ndi wansangala anali atasanduka wolusa, ndipo iye sankadziwa ngati amudzudzule kapena angomusiya.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000, osapitirira zaka 19, amadwala khansa. M'mayiko olemera, ana oposa 80 pa 100 alionse amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100. M'chaka cha 2018 bungweli linayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030, ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azichira kulikonse kumene ali. Koma chithandizo cha khansa ya m'magazi, imene ndi yofala kwambiri pakati pa ana, chimatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo mwana amamwera mankhwala kunyumba. Kafukufuku amene anatsogolera Smita Bhatia ku America anasonyeza kuti ana amene ankaphonya mapiritsi awo oposa 5 pa 100 alionse anali pa chiopsezo chachikulu choti matenda abwererenso. Choncho mwana amene akulavula piritsi kapena kulibisa pansi pa pilo sakungovuta chabe. Khalidwe lakelo likukhudza kuchira kwake.

Katswiri wina wa za maganizo a ana, Thomas Achenbach, anasonyeza m'chaka cha 1966 kuti mavuto a khalidwe la ana amagawika m'magulu awiri akuluakulu. Ena amatulukira kunja: kumenya anzawo, kutukwana, kuswa zinthu, kusamvera. Ena amalowa m'kati: mantha, nkhawa, kudzipatula, kulira mobisa, kudandaula mutu kapena m'mimba popanda chifukwa chooneka. Pambuyo pake iye anakonza mndandanda wa mafunso oposa 100 amene kholo limayankha za mwana wake, ndipo mndandandawu ukugwiritsidwa ntchito m'zinenero zambiri. Ine chimene chimandikhudza pa kugawa kumeneku n'chakuti mwana wa gulu loyamba tonse timamuona chifukwa amatisokoneza, koma wa gulu lachiwiri timamuyamikira kuti ndi wodekha. Mtsikana amene wagona moyang'ana kukhoma tsiku lonse, osapempha kanthu, osalira ngakhale pobayidwa jakisoni, angakhale ndi katundu wolemera kuposa mnyamata amene akukuwa wodi yonse n'kumva.

Tisanaweruze mwana, tiyambe tafunsa za mankhwala amene akulandira. Pakati pa mankhwala a khansa ya m'magazi pali dexamethasone ndi prednisone, amene ndi amphamvu kwambiri polimbana ndi matendawa koma amasinthanso mtima wa mwana. Amabweretsa njala yosatha, moti mwana angakudzutseni pakati pa usiku akulirira chakudya, atadya kale kawiri. Amasowetsa tulo, amachititsa kupsa mtima msanga, ndipo mwana akhoza kuseka tsopano n'kuyamba kulira mphindi zochepa zikubwerazo. M'ndondomeko zambiri mankhwalawa amaperekedwa kwa masiku asanu kenako n'kupumira, ndipo makolo amene amalemba m'kabuku tsiku limene mwana wayamba kumwa ndi mmene wakhalira tsikulo amadzionera okha kuti ukaliwo umabwera ndi mankhwala ndipo umapita nawo. Palinso vincristine, amene angachititse kudzimbidwa, kupweteka kwa nsagwada ndi dzanzi m'manja ndi m'miyendo. Mwana wamng'ono amene sadziwa kufotokoza dzanzi amangokana kuyenda kapena kudya, ife n'kumati ndi matama. Ndikupempheni mwaulemu kuti musamusiyitse mwana mankhwala pa inu nokha chifukwa cha khalidwe lake. Mankhwala a mtundu wa dexamethasone ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi, ndipo adokotala ndi amene angaone chochita mukawafotokozera.

Wofufuza amene ntchito yake ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi Anne Kazak, katswiri wa za maganizo amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha ana cha ku Philadelphia. Iye sanayang'ane mwana payekha, koma banja lonse. Iye ndi anzake anapeza kuti makolo ambiri, amayi ndi abambo omwe, amakhala ndi zizindikiro za munthu amene waona zoopsa: kukumbukira mobwerezabwereza tsiku limene anauzidwa za matendawo, kusowa tulo, kudzidzimuka mwana akangotsokomola, ndipo zimenezi zimatha kupitirira ngakhale mwana atachira kale. Nthawi zambiri zizindikirozi zinkaoneka kwambiri mwa makolo kusiyana ndi mwa anawo. Apa m'pofunika kumvetsa, pakuti mwana amawerenga nkhope ya mayi ake asanamve mawu a dokotala, ndipo kholo likakhala ndi mantha osaneneka, mwana amawatola n'kuwatulutsa m'njira yokhayo imene akuidziwa.

Koma Kazak anapezanso chinthu cholimbikitsa, chimene anachifotokoza m'chaka cha 2006 pogwiritsa ntchito chithunzi cha mbali zitatu, chotambalala pansi n'kusongoka pamwamba. Pansi pali mabanja ambiri, amene amagwedezeka ndi uthenga wa matenda koma amapirira akapatsidwa chidziwitso choona ndi chithandizo wamba. Pakati pali mabanja ochepa amene ali ndi zovuta zina, monga umphawi, kusowa achibale owathandiza, kapena mwana amene ankavuta kale asanadwale, ndipo amenewa amafunika kuwayang'anira mwapadera. Pamwamba pali mabanja ochepa kwambiri amene akufunika katswiri wa za maganizo mwamsanga. Gulu lake linakonza mafunso ochepa amene kholo limayankha matenda akangodziwika, okhudza za pakhomo, za abale a wodwalayo, za amene angathandize ndi za zimene banjalo limakhulupirira pa matendawo, kuti achipatala adziwe msanga amene akufunika thandizo lalikulu. Choncho namwino akakufunsani mafunso amene akuoneka ngati akulowerera za m'banja mwanu, dziwani kuti ali ndi cholinga. M'chaka cha 2015 Kazak anali m'gulu la akatswiri amene anasindikiza mfundo 15 za chisamaliro cha maganizo kwa ana odwala khansa, ndipo imodzi mwa mfundozo ikunena za abale ndi alongo a wodwala, amene amasiyidwa kunyumba, n'kuyamba kulephera kusukulu kapena kukodza pogona, pamene maso a aliyense ali kuchipatala.

Tsopano tibwerere ku funso la mayi uja, lakuti amudzudzule mwana kapena amusiye. Chifundo chimatikoka kuti tisiye malamulo onse, poganiza kuti mwana wavutika kale mokwanira. Gerald Patterson, amene anafufuza kwa zaka zambiri ku Oregon za ana ovuta, anasonyeza mmene zinthu zimazungulirira pakhomo: kholo lalamula, mwana wakuwa, kholo lagonja kuti pakhale mtendere, ndipo mwana waphunzira kuti kukuwa kumagwira ntchito, moti mawa akuwa mokweza kuposa lero. Matenda sachotsa kuzungulira kumeneku, amangokukulitsa. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kusasatitsa mwana wodwala si chikondi chokwanira, chifukwa mwana akaona kuti zonse zimene ankaletsedwa tsopano zaloledwa, amayamba kukayikira kuti kapena akuluakulu ataya chiyembekezo pa iye. Malamulo ochepa akhalebe: sitimenya munthu, mankhwala timamwa, nthawi yogona ndi imeneyi. Kumenya mwana sikuyenera konse, ndipo kwa mwana amene magazi ake sakuundana bwino chifukwa cha matenda ndi mankhwala, n'koopsa kwenikweni. M'malo mwake, mupatseni mwayi wosankha pa zinthu zimene zingasankhidwe. Sangasankhe ngati abayidwe kapena ayi, koma angasankhe dzanja loti aikepo diripi ngati anamwino avomereza, angasankhe kapu yomwera piritsi, angasankhe kukhala pamiyendo panu kapena pampando. Ndinaonapo mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri amene ankafunika anthu atatu omugwira, koma atamulola kuti aziwerenga yekha mpaka katatu namwino asanabaye, anayamba kutambasula dzanja lake yekha, akunjenjemera koma osathawa.

Chinthu china n'chakuti tisamanamize ana. Tikamuuza kuti singano siipweteka kenako n'kupweteka, mawa sadzakhulupiriranso mawu athu. Kafukufuku wa John Spinetta wa mu 1973 anasonyeza kuti ana a zaka 6 mpaka 10 odwala khansa ya m'magazi ankazindikira kuopsa kwa matenda awo ngakhale palibe amene anawauza, ndipo Myra Bluebond-Langner anafotokoza mu 1978 mmene ana ankabisira zimene akudziwa pofuna kuteteza makolo awo. Mwana wosauzidwa zoona amadzipangira zake, ndipo ambiri amaganiza kuti akudwala chifukwa analakwa. Muuzeni m'mawu a msinkhu wake kuti matendawa si chilango, sanawatenge kwa munthu, ndipo sangapatsire mng'ono wake.

Pali kusintha kwina kumene sitiyenera kukudikirira mpaka tsiku lokaonana ndi dokotala. Mwana akayamba kuwodzera modabwitsa, kusokonezeka mutu, kulankhula zosamveka, kukomoka, kapena khalidwe likasintha mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi kofika madigiri 38, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa chitetezo cha thupi lake n'chochepa. Wachinyamata akanena kuti kuli bwino afe, musamukalipire ndipo musabise, uzani achipatala tsiku lomwelo. Tsopano ndipereke mpata kwa bambo amene anakweza dzanja kumbuyoko pamene ndimanena za abale a wodwala. Fotokozani, bambo, tikumvetsera.