Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire: zimene zipangizo zikuonetsa

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Ambiri muno muli ndi abale ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo mumawamva akudandaula kuti dzuwa la masiku ano lanyanya. Sakunama, koma tsiku limodzi lotentha si umboni. Akatswiri a zanyengo amatenga zaka 30 zathunthu, monga 1991 mpaka 2020, n'kuyerekeza ndi zaka 30 zam'mbuyo mwake. Akatero m'pamene amanena kuti nyengo yasintha.

Kayezedwe kake kali ndi malamulo. Pamalo oyezera nyengo ngati ku Chileka kapena ku Ngabu pamakhala kabokosi koyera kokhala ndi mipata yolowera mphepo, kataliko pang'ono kuchoka pansi, pafupifupi mita imodzi ndi theka. M'menemo muli zoyezera ziwiri, china chimasunga kutentha kwapamwamba kwa masana, china kuzizira kwa m'bandakucha. Mukaika choyezera padzuwa kapena pafupi ndi malata, ndiye kuti mukuyeza malatawo, osati mpweya. Ngakhale nyumba zikamangidwa mothinana pafupi ndi kabokosiko, manambala amakwera mwachinyengo, n'chifukwa chake amayerekeza malo angapo.

Zolembedwa zikuonetsa kuti kuyambira 1960 mpaka 2006 kutentha m'Malawi kunakwera ndi madigiri 0.9. Padziko lonse, 2024 chinali chaka chotentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo mwake chiyambire kuyeza. Gwero lake lalikulu ndi utsi wa malasha ndi mafuta, kuphatikizapo kutha kwa nkhalango.

Ndikuona ena mukuti digiri imodzi n'chiyani. Kuno ku Blantyre tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000, ndiye chiperoni chimatipepesa. Koma mukatsika ku Thabwa kulowera pa mlatho wa Kamuzu, mwafika kumalo otsika kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumeneko digiri imodzi imagwera pa nthaka youma kale. Chinyezi chimathawa msanga, moti mvula yomwe ija imene kale inkakwanira, lero siikwanira. Chimanga chikamamasula, kutentha kukapitirira madigiri 35, mungu umafa ndipo ndevu zimauma zisanaulandire. Mudzaona phesi lili bwinobwino koma chisononkho chili ndi njere zotalikirana. Usiku nawonso ukamatentha, mbewu imawononga chakudya chimene yapanga masana, njere n'kukhala zopepuka.

Ndiye mukawauze abalewo kuti mapesi asamawotche. Aziwayala m'munda kuti dothi lisaoneke, chinyezi chizikhalitsa. Kumene mvula imadukizadukiza, akumbe maenje obzalamo n'kuthiramo manyowa mvula isanagwe. Mapira ndi mchewere asazitaye, zimapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo wofuna chimangacho asankhe chocha msanga. Kudimba azithirira m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zikhale ndi mthunzi ndi madzi masana. Asanabzale, azimvetsera ulosi wa mvula umene nthambi yoona zanyengo imalengeza pawailesi dzinja lisanayambe.