Makalata a omvera: Akazi a m'nyumba ya mfumu ya ku China, wamkulu ndani?

Mwaswera bwanji omvera athu. Sabata yatha tinayamba kucheza za mabuku a nthano zachikondi za m'nyumba ya mfumu ya ku China, aja odzaza ndi mijedo, ziwembu ndi nsanje ya pamitala. Makalata afika, ndipo yoyambayi yabwera ndi chikwapu.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti: "Bambo muulutsi, munati akazi onse a mfumu anali ofanana kupatula mfumukazi. Mwaphonya. Mu ufumu wa Qing, umene unalamulira China kuyambira 1644 mpaka 1912, maudindo analipo 8. Pamwamba huanghou, mfumukazi, mmodzi yekha. Kenako huang guifei mmodzi, guifei awiri, fei anayi, pin 6. Guiren, changzai ndi daying analibe malire. Siliva naye ankatsata udindo: mfumukazi tael (muyeso wa kulemera kwa siliva) 1,000 pachaka, fei 300, daying 30 basi. Atsikana omutumikira mfumukazi anali 10, daying awiri. Mukawerenga kuti wina akulirira makala m'nyengo yozizira, wolembayo sakukokomeza. Makala, makandulo ndi nsalu zonse zinkaperekedwa poyang'ana udindo."

Ndagonja mayi, zikomo. Ndiwonjezere apa. Mafumu ena ankapitirira manambalawo, koma olemba nthano amawagwira zolimba, chifukwa mipando ya fei ikadzaza, wachisanu sangakwere popanda wina kugwa. Chiwembu chimayambira pamenepo. Chinanso, mu Forbidden City, mpanda wa nyumba za mfumu ku Beijing, akaziwa ankakhala m'nyumba 12, zakum'mawa 6 ndi zakumadzulo 6. Wofika pa pin ndiye ankatha kukhala mwini nyumba. Guiren ankagona m'zipinda za m'mbali, mkazi mnzake akumuona kulowa ndi kutuluka, akudziwa usiku umene mfumu yatembenuza kathabwa ka dzina lake pomuitana. Chokwezera msanga chinali mwana wamwamuna. Cixi, mmodzi wa akazi a mfumu, analowa mu 1852 ali guiren, anabereka mu 1856 n'kukhala fei, chaka chotsatira guifei, ndipo mu 1861 mwana wake anakhala pampando.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa ku Chipata, yolangiza ofuna kulemba nthano zotere. Akuti: "Cholakwika chachikulu n'kusakaniza makomo awiri. Atsikana oti akhale akazi a mfumu ankasankhidwa zaka zitatu zilizonse kuchokera m'mabanja a magulu 8 a asilikali a ufumuwo. Antchito ankachokera m'mabanja a booi, otumikira nyumba yachifumu, ndipo ankabwerera kwawo akafika zaka 25. Mwana wa mlimi wamba sangangopezeka pamzere wa osankhidwa chifukwa ndi wokongola. Musamumangenso mapazi mkazi wa Chimanchu, mtundu wa mafumu a Qing, monga ankachitira akazi ena a ku China pofuna kuti mapazi akhale aang'ono. Iwo sankamanga, ankavala nsapato zokhala ndi chidendene chachitali pakati, ndolo zitatu khutu lililonse. Za singano yasiliva yoyezera poyizoni m'chakudya samalani. Imada chifukwa cha sulufule amene ankatsalira mu poyizoni wa arsenic wa nthawiyo. Ngakhale dzira lophika limaidetsa, pomwe poyizoni wopanda sulufule amadutsa singano ili mbee."

Bambo, mwandipatsa nkhani yaulere. Tangoganizani wophika akukwapulidwa chifukwa cha dzira, wothira poyizoni weniweni ali phee pambali akupereka tiyi. Pa za antchito ndisiyane nanu pang'ono: khomo lawo silinali lotsekeratu. Mayi ake a mfumu Jiaqing anachokera m'banja la booi ndipo anafika pa huang guifei. Wolemba angamukweze wantchito, bola asamudumphitse masitepe onse usiku umodzi.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wa ku Dedza: "M'mabuku a nthawi ya mfumu Kangxi akalonga amalimbirana poyera, koma m'a nthawi ya mdzukulu wake, mfumu Qianlong, palibe amene akudziwa wolowa ufumu. Chinasintha n'chiyani?"

Waona bwino mwanawe. Kangxi, amene analamulira kuyambira 1661 mpaka 1722, anatchuliratu mwana wake Yinreng kukhala wolowa m'malo, n'kumuchotsa mu 1708, kumubwezera, n'kumuchotsanso mu 1712. Abale ake a Yinreng anagawana nduna, nyumba inagawanika. Yongzheng, mwana wina wa Kangxi amene anapambana mkanganowo, anasintha njira mu 1723: analemba dzina la wolowa ufumu, kulitsekera m'kabokosi, n'kukabisa kuseri kwa chikwangwani chopachikidwa pamwamba pa mpando m'nyumba ya Qianqing, kuti litsegulidwe iye atamwalira. N'chifukwa chake m'mabuku a pambuyo pake mayi aliyense wa mwana wamwamuna amayenda mongoganizira, kuwerengera kuti mfumu yayamikira kalembedwe ka mwana wa yani, yatenga uti popita kokasaka. Yongzheng yemweyo sanaleredwe ndi mayi womubereka. Pamene ankabadwa mu 1678 mayiyo anali wa udindo wotsika, ndipo mwanayo anaperekedwa kwa guifei wa banja la Tong kuti amulere.